Dzanja Lachitsulo la ku Chisokone

Sitiroko inawagwira Bashi Nsofwa mvula ili pakati, ali chiimire pa benchi lawo mumsika wa Nakadoli ku Kitwe, puleni yopalira matabwa ili m'manja. Mwendo unadzabwerera pang'onopang'ono, pakamwa napo panadzawongoka, koma dzanja lamanzere linakaniratu. Linkangolendewera m'mbali, ndipo akamakhala pansi ankachita kulinyamula ndi linzake n'kuliika pamwendo.

Mvula itakata, Ba Sikazwe, wapampando wa shedi ya akalipentala, anafika kunyumba kwa Bashi Nsofwa ku Chimwemwe. Anamwa munkoyo, thobwa la kumeneko, nafunsa za ana, nadandaula za magetsi, nadandaulanso za mitengo ya matabwa. Munthu akazungulira chotero ndiye kuti wanyamula cholemera.

"Bashi Nsofwa, lamulo mukulidziwa, munalipanga nawo," anatero pomaliza. "Benchi lisamagone. Anthu ofuna malo andilowetsa m'khutu, ena amachita kundilondola kutchalitchi. Mwezi uno usanathe mutipangire kampando kamodzi, kakang'ono chabe, ndi manja anu..." Apa anatsokomola. "Ndikuti mupange nokha. Tikakaona, benchi ndi lanube. Zikakanika, mundikhululukire."

Ba Sikazwe si munthu woipa, tisawanamizire. Ndi iwo anathamangira nawo kuchipatala pa galimoto tsiku lija. Koma benchi la ku Nakadoli si thabwa wamba. Ogula mipando ndi mabedi amafikira pamenepo, sapita kuseri kwa nyumba ya munthu. Kalipentala wochotsedwa mushedi amakhala pakhonde kumvera mawailesi a eni ake mpaka kufa, ndipo Bashi Nsofwa anawaonapo angapo otero. Ankaopa kwambiri.

Ndiye maganizo awo onse anagwera pa vayisi, chitsulo chija amamangirira pa benchi kuti chizipana thabwa. Chodabwitsa n'chakuti moyo wawo wonse sanaigwirepo. Ku Nakadoli munthu amakhomera kamtengo kumapeto kwa benchi, n'kutsamiritsa thabwa pamenepo, dzanja lamanzere n'kukanikiza. Likavuta amaliponda ndi bondo kapena kulikhalira kumene. Bashi Nsofwa ndi amene ankatsogolera kuseka anyamata ochokera kusukulu ya ntchito zamanja akamafunsa vayisi. Tsopano ankagona chagada masana, maso ali kudenga, n'kumadziwerengera okha kuti dzanja lamanzere ntchito yake inali kugwira thabwa, vayisi nayo imagwira thabwa, basi nkhani yatha.

"Koma Bashi Nsofwa," akazi awo, Bana Nsofwa, anayamba tsiku lina akusankha masamba okagulitsa, "kodi dzanja lija linkangogwira thabwa lokha? Nanga po..."

"Inu mumadziwa chiyani za matabwa? Sankhani chibwabwa chanucho."

Bana Nsofwa anapitiriza kusankha masamba awo. Mwana wawo Nsofwa, amene amagwira ntchito ku Solwezi, anatumiza ndalama pafoni, ndipo Lachinayi m'mawa mayiwo anasiyira mnzawo tebulo la masamba n'kuperekeza amuna awo m'tauni. M'basi anakhala kumanzere kwawo kuti anthu asalikhule dzanjalo.

Kuseri kwa msika wa Chisokone, kumene amagulitsa zitsulo zakale, kuli kakontena ka Katongo. Mukafuna bawuti ya galimoto imene inasiya kupangidwa agogo anu ali anyamata, pitani kwa Katongo. Katongo ndi wa mfunda wa Mvula, Bashi Nsofwa ndi wa mfunda wa Bowa, ndiye kuti ndi anungwe. Anungwe sapatsana ulemu. Amanyozana pamsewu, paukwati, ngakhale pamaliro, ndipo mmodzi akafa amakumba manda ndi mnzakeyo. Kuchipatala kuja, anthu onse akulankhula monong'ona, Katongo analowa n'kufunsa kuti, "Iwe, sunafebe? Ine ndabwereka kale fosholo." Aka kanali koyamba Bashi Nsofwa kuseka chidwalireni, ndi theka la pakamwa.

"Taonani bowa wowola akubwera uyo," Katongo anakuwa ali pampando wake wa galimoto. "Mlamu, mwamunyamuliranji? Mukanamuyanika padenga, bwenzi tikudyera chaka chamawa."

"Khala chete, mvula yopanda nzeru iwe. Ntchito kudontha m'nyumba za anthu."

"Popanda ine ukanamera, Chilekwa?"

M'Kitwe monse ndi Katongo yekha amene ankawatchula dzina lawo lobadwa nalo; ena onse ankati Bashi Nsofwa, ndiye kuti bambo a Nsofwa. Bashi Nsofwa anamva kupepuka m'chifuwa. Kunyumba aliyense ankawalankhula mofewa ngati mwana wodwala malungo, ndipo zinawakwana.

"Ndikufuna vayisi."

Katongo anaseka mpaka kumenya ntchafu. "Iwe? Vayisi? Suja unkati ndi ya anthu a manja a sopo? Bwera uone, mwana wa sukulu."

Anawalowetsa pansi pa lata pamene panali benchi lake loyeserapo katundu. Yoyamba imene anawaonetsa inali chimphona chochokera kumgodi, chakuda ndi mafuta, chokhala pamwamba pa benchi ngati chule. Bashi Nsofwa anaikonda pomwepo chifukwa cha kulemera. Katongo anatola kachidutswa ka paini, n'kukaika m'kamwa mwake, n'kupotokola chogwirira. Atamasula, thabwalo linali ndi mano mbali zonse ziwiri.

"Iyi ndi ya amakaniko, imaluma. Ukufuna mipando yako izioneka ngati yatafunidwa ndi galu? Komanso taona kutalika kwake. Uzipala thabwa lili pachibwano?"

"Nanga yabuluu iyo?"

Inali yatsopano, yonyezimira, ikadali ndi pepala la kusitolo. Bana Nsofwa anaisisita n'kunena kuti imeneyo ndiye yooneka bwino.

"Mlamu, mwamuna munasankhanso chomwecho eti? Taonani zimene munapeza." Katongo anaitsegula n'kugwedeza nsagwada yake, ndipo inkachita gwedegwede. "Chibawuti chapakatichi n'chowonda ngati chala. Ukapana thabwa chakumapeto, mbali inayo imayasamula. Ndikanakugulitsa ukanakhala munthu, koma iwe udzabwera kudzalira pakhomo panga."

Bashi Nsofwa anaima pakati pa zitsulozo osadziwa choyang'ana. Thabwa ankalidziwa ndi fungo lokha, koma apa anali mlendo. Ankangotsatira chala cha Katongo, uku akudzimvera chisoni kuti moyo wawo wonse wafika podalira mawu a wogulitsa zitsulo zadzimbiri. Anafunsa ngati palibenso ina.

Katongo anakanda m'mutu, n'kusuntha matayala ndi mulu wa mapaipi kumapeto kwa benchi. Kumeneko kunali ina yomangirira kale, yobisala m'mbali mwa benchi moti mlomo wake unali wofanana ndi pamwamba pake. Utoto unatha kalekale. Nsagwada zake zinali zotambalala, zovekedwa matabwa a mlombwa m'kati kuti zisamalume. Katongo anati anaigula pamene sukulu ina ya ntchito zamanja inkatsekedwa, ndipo sankafuna kuigulitsa.

"Ya akalipentala yeniyeni ndi iyi. Gwira apa, pansi pa chogwirira pali kachitsulo. Kafinye ndi chala. Tsopano koka."

Bashi Nsofwa anafinya n'kukoka. Nsagwada yonse inatsetsereka kubwera kwa iwo, osazunguza n'kamodzi komwe. Anakankha, inabwerera. Anakokanso, anakankhanso, ngati mwana amene wapatsidwa galimoto yawaya.

"Ndi dzanja limodzi," anatero motsitsa mawu. "Bana Nsofwa, mwaona? Ndi dzanja limodzi."

"Ndaona," anatero mayiwo.

Katongo anatenga thabwa lalitali ngati mwendo wa mpando, n'kulipana. Bana Nsofwa anatulutsa puleni m'chikwama, poti bambowo anaumirira kuti zida zibwere. Koyamba puleni inadumpha, kachiwiri inapatuka. Kachitatu anaigwira chapakati, n'kuitsamira ndi thupi lonse, ndipo inayenda kuchoka kuno kukafika uko, utuchi wopotanapotana ukutuluka pamwamba. Fungo la paini litawafika m'mphuno, misozi inalengeza. Anapala mpaka thukuta kutsika m'khosi.

"Basi, iwe, undithera thabwa. Taonani mlamu, bowa wayamba kuphuka. Koma mzere wakewo, njoka ili bwino."

"Maso ako ndi amene ali okhota."

Munthu wina anafika kufuna maloko, ndipo Katongo anapita kukamuthandiza. Bashi Nsofwa anati atembenuze thabwa apale mbali ina. Atangomasula, thabwalo linagwera m'kati n'kukakhala pazitsulo zapansi, pamene puleni singafike. Analikweza, koma kuti apotokole chogwirira anayenera kulisiya, ndipo polisiya linagwanso. Bana Nsofwa anatambasula dzanja.

"Musagwire. Ku Nakadoli mudzakhalako inu?"

Anayesa ndi chigongono, linapendekeka. Anayesa ndi bondo, mwendo wodwala uja unanjenjemera, akanagwa. Ananyamula dzanja lakufalo n'kuligoneka pathabwa kuti mwina kulemera kwake kuthandize, koma linangotsetsereka n'kubwerera m'mbali. Pomaliza anagwira thabwa ndi dzanja lamanja, n'kukankha nsagwada ndi mimba mpaka inagwira pang'ono, kenako n'kuthamangira chogwirira. Linagwira, lopendekeka pang'ono, koma linagwira. Malaya anali atada ndi mafuta pamimba ponse.

Katongo anali atabwerera ndipo anaona zonse. "Chimimba chimenechi ndinkadziwa kuti tsiku lina chidzagwira ntchito. Mowa wonse uja sunapite pachabe."

Bashi Nsofwa anaseka, akupuma mwawefuwefu. Mtima unali m'malo tsopano. Vayisi ndi imeneyi, panalibenso zoyang'ana ina. Anayamba kale kuona pamene adzaimangirire pa benchi lawo, ndi nkhope ya Ba Sikazwe akadzalandira kampando.

Apa ndi pamene akanalipira n'kumapita kwawo, akanagona bwino masiku angapo. Koma munthu akakondwa safuna kulekeza.

"Bana Nsofwa, patseni tchizulo ndi hamala. Nditeme bowo limodzi, mvula iyi ione mmene amapangira mpando."

Mayiwo sanafulumire. Anayang'ana Katongo, anayang'ana pansi, kenako anatulutsa zida ziwirizo n'kuziika pa benchi. Mpando wa ku Nakadoli sakhoma ndi misomali. Amatema bowo m'mwendo, n'kulowetsamo lilime la thabwa linzake, ndipo kampando kochepetsetsa kali ndi mabowo otero mbali zonse.

Bashi Nsofwa anatenga tchizulo, n'kuchiimika pathabwa pamalo pake penipeni, mowongoka bwino. Kenako dzanja linachoka lokha kupita kukatenga hamala, monga linkachitira zaka zonsezi, podziwa kuti linzake lafika kale. Tchizulo chinagwa, chinagubuduka pa benchi, n'kukagwera m'fumbi.

Bana Nsofwa anachitola.

Anayesanso. Anachikanikiza kuti chilowe pang'ono chiime chokha, koma asanakweze hamala chinagwa. Anachitsamiritsa pachifuwa, hamala inasowa podutsa. Anawerama n'kuchigwira ndi chibwano, ndipo atakweza hamala anaona okha kuti akufuna kudzimenya kumaso. Anayesa kuchikankha ndi phewa popanda hamala, chinangokanda pamwamba n'kuterereka. Vayisi inali itagwira thabwa nganganga, monga anaifunira, osagwedezeka n'pang'ono pomwe.

Kunena zoona, ankadziwa. Munthu amene watema mabowo moyo wake wonse sangaiwale kuti tchizulo chimagwiridwa ndi dzanja liti. Ankadziwa ali kuchipatala, ankadziwa tsiku limene anakalipira akazi awo. Anangokankhira nkhaniyo kuseri kwa vayisi chifukwa analibe kwina koikankhira. Tsopano inali patsogolo pawo, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akudutsa ndi mawilibala.

Tchizulo chinagwanso, ulendo uno chakumapazi a Katongo. Bashi Nsofwa anadikira. Ankadziwa kuti chipongwe chikubwera, ndipo ankachifuna. Katongo anawerama, anatola tchizulo, anachipukuta pa ovolosi yake, n'kuchipereka ndi manja awiri.

"Landirani, mukwai," anatero. "Khalani pansi pang'ono, Bashi Nsofwa. Mwatopa."

Mukwai. Mawu amene munthu amayankhira apongozi ake, kapena mkulu wa mpingo. Chiyambire unyamata wawo Katongo anali asanawatchulepo chotero, ngakhale mwangozi. Liwuli linawaopsa Bashi Nsofwa kuposa tsiku limene dokotala anawatsina dzanja iwo osamva kanthu.

"Wati chiyani?"

"Ndati mukhale pansi. Vayisiyi tengani, ndalama musunge. Ndikupezerani wa wilibala akaisiye ku Nakadoli."

"Katongo, nditukwane."

Katongo anayang'ana kumbali, kumene kunali mulu wa mapaipi.

"Ndati nditukwane, galu iwe. Suja uli ndi fosholo? Nena kuti ndine bowa wowola. Nena kuti ndikutema ngati nkhuku yojompha. Nena kanthu."

Katongo anatsegula pakamwa, ndipo zinkaoneka kuti akufufuzadi mawu. Munthu amene sanasowepo chonena, amene anaseketsa anthu pamaliro a mayi awo a Bashi Nsofwa mpaka abusa kubisa nkhope, anangomeza malovu. "Sindingathe, mukwai," anatero.

Bana Nsofwa anaika chikwama pansi. Anamanga chitenje bwinobwino, anatenga tchizulo m'manja mwa Katongo, n'kuchiimika pathabwa pamene panali pokandika paja.

"Menyani," anatero. "Ndizigwira ine. Ba Sikazwe ndikalankhula nawo, si nyama. Masamba ndizigulitsa madzulo."

Onse atatu ankadziwa kuti masamba a madzulo sagulika, ndiponso kuti chidwalireni bambowo nyumba yonse inkadya tebulo limenelo. Ankadziwanso kuti Ba Sikazwe anati apange okha. Komabe Bashi Nsofwa anatenga hamala, chifukwa panalibenso china choti atenge.

"Chiwongoleni. Ayi, chakuno. Musachifinye choncho, dzanja litsike pansi."

Mayiwo anachigwira ndi manja onse awiri, zala zitazungulira mpaka pamutu pake pomenyapo. Anali asanagwirepo tchizulo. Anatembenuzira nkhope kumbali n'kutsinzina, mapewa atakwera m'makutu. Bashi Nsofwa anakweza hamala. Dzanja lamanjalo linali litatopa ndi kupala, ndipo chidwalireni silinkagwa nthawi zonse pamene alituma. Kale likaphonya, lomenyedwa linali dzanja lawo lomwe, ankangoyamwa chala n'kupitiriza. Anayang'ana zala za akazi awo, zong'aluka ndi madzi a masamba, zitafumbata mtengo wa tchizulo. Hamala inakhalabe m'mwamba.

"Menyanitu," anatero mayiwo, maso ali chitsinzinire.

Anaitsitsa pang'onopang'ono n'kuigoneka pa benchi.

"Tsegulani maso, Bana Nsofwa. Bwezerani zida m'chikwama."

"Tiyesenso kamodzi."

"Bwezerani."

Anafinya kachitsulo kaja n'kukoka. Vayisi inatseguka mosavuta, thabwa n'kugwera m'kati. Anaikankha kuti itsekeke, ndipo dzanja lawo linakhala pamenepo kanthawi.

"Ndi yabwino," anauza Katongo. "Usaigulitse kwa amakaniko."

Katongo anangogwedeza mutu. Anawaperekeza mpaka pamsewu, zimene anali asanachitepo, akuyenda kumbuyo pang'ono ngati woperekeza mlendo wolemekezeka. Pokwerera mabasi, makondakitala ankaitanira, ena a ku Chimwemwe, ena odzera ku Nakadoli.

"Tipite kunyumba mukapume," anatero Bana Nsofwa. "Mwezi sunathe."

"Tidzere kushedi. Ndikawauze ndekha Ba Sikazwe, asavutike n'kubweranso kudzamwa munkoyo." Bashi Nsofwa anatembenukira kwa akazi awo. "Mukandithandize kunyamula bokosi la zida. Lili ndi zogwirira ziwiri."